Matailosi amaluwa: a m'fakitale, opentedwa pamanja, a simenti kapena zidutswa?

Nyumba ikafoleredwa, pulasitala n'kuuma, ambiri timakhala titatopa, m'thumba mutatsala zochepa. Ndiye nthawi yomwe timalowa m'mahadiweya a ku Limbe, ku Malangalanga kapena m'tauni ya Mzuzu n'kupeza matailosi atawayala pakhoma, magetsi akuwalira pamwamba pake, alionse akuoneka abwino. Wogulitsa amafunsa za masikweya mita basi. Safunsa ngati pabwalo panu pali dothi la katondo, ngati mumaphikira pambaula, kapena ngati agogo azidzasamba m'bafa lomwelo. Chonsecho tailosi si penti yoti chaka chamawa mudzapaka ina. Mukaimata mwaimata, kuichotsa ndi ntchito ya hamala ndi tchizulo.

Ine matailosi amaluwa ndimawakonda kwambiri, ndipo ndinaphunzira mowawa kuti kukonda kokha sikukwanira. Pakhonde la nyumba yathu ndinaika onyezimira a maluwa a buluu chifukwa anandigwira mtima m'sitolo. Mvula yoyamba itawazira pakhondepo, mayi anga anaterereka atanyamula ndowa, n'kukhala milungu ingapo akutsimphina. Matailosiwo sanali oipa, ine ndi amene ndinawaika polakwika. Kuyambira pamenepo ndimati pomwe phazi limaponda pafunika tailosi yolimba ndi yosaterera, ndipo maluwa okwera mtengo apite pomwe maso okha amafika.

ZOYENERA KUYANG'ANA MUSANASANKHE

Choyamba ndi malo: pansi kapena pakhoma, m'kati kapena panja, pouma kapena ponyowa. Tailosi ya pansi mutha kuikweza pakhoma ngati khomalo ndi lolimba, koma ya pakhoma musaitsitse pansi. Ndi yopyapyala, imasweka ndi mwendo wa sofa.

Chachiwiri ndi kamwedwe ka madzi. Tembenuzani tailosiyo, dontheza madzi kumsana kwake, dikirani pang'ono. Madziwo akalowa ngati pa njerwa, ndi ya dongo wamba. Akangokhala pamwamba, yayandikira porcelain, yomwe muyezo wake ndi kumwa madzi osapitirira 0.5 peresenti ya kulemera kwake. Kuyesa kumeneku sikulira ndalama, ndipo kumaulula matailosi ambiri omwe pabokosi alembapo dzina lapamwamba.

Kenako pali manambala awiri omwe mabokosi ambiri amakhala nawo. Nambala ya PEI, kuyambira 1 mpaka 5, imanena za kulimba kwa khungu lonyezimira la pamwamba, lomwe amisiri amati glaze. Ya 1 ndi 2 ndi ya pakhoma kapena poyenda anthu ochepa, ya 3 ndi ya m'zipinda, ya 4 ndi 5 ndi ya podutsa anthu ambiri. Kuno kwathu ndimakweza ndi sitepe imodzi, chifukwa mchenga womwe umalowa ndi nsapato umagwira ntchito ngati sandipepala tsiku ndi tsiku. Nambala inayo imayamba ndi R, kuchokera R9 mpaka R13, ndipo imanena za kuterera. R9 ndi ya pabalaza pouma. M'bafa ndi pakhonde musatsike kuposa R10, ndipo R11 ndiye imandikhazika mtima pansi. Bokosi likakhala lopanda manambalawa, nyowetsani tailosi, muigoneke pansi, muipondepo ndi phazi lopanda nsapato.

Mtengo nawo si wa pabokosi pokha. Onjezanipo adhesive womatira matailosi, grout wotsekera mipata, timitanda tosiyanitsira matailosi, galimoto yonyamula, malipiro a mmisiri, ndi matailosi omwe adzatayike podula. Ochuluka amachokera kunja, choncho amayendera dola. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense amene ankamanga anaona mmene mabokosi anadumphira. N'chifukwa chake pansipa ndikuyerekeza mtundu ndi mtundu, osati makwacha omwe angasinthe mwezi usanathe.

Chomaliza ndi mmisiri. Pali matailosi omwe bilida aliyense wodziwa levulo angaike, pali ena ofuna munthu amene anawagwirapo. Musagule mtundu womwe woika wake simunamupeze.

A DONGO OSINDIKIZIDWA MALUWA M'FAKITALE

Awa ndi omwe adzaza m'masitolo. Dongo amalipsinja ndi makina, n'kusindikiza chithunzi pamwamba monga mmene printa imachitira papepala, n'kuotcha. Kumsana amaoneka ofiirira kapena otuwa. Maluwa alionse omwe mungaganize alipo, kuphatikizapo otengera a ku Morocco ndi a ku Portugal.

Mtengo: ndiwo otsika mwa onse atsopano, ndipo amisiri salipiritsa zambiri chifukwa sachedwa kudula.

Kupezeka: paliponse. Ambiri amachokera ku Morbi m'chigawo cha Gujarat ku India, ku Foshan ku China, ku South Africa, komanso m'mafakitale a ku Tanzania ndi Zambia. Koma kupezeka lero si kupezeka mawa. Kontena ikatha, duwa lomwelo mwina silidzabweranso, ndipo ngakhale litabwera, la uvuni wina limasiyana mtundu pang'ono. Pabokosi pamakhala nambala ya batch, yosonyeza gulu lopangidwira pamodzi, ndi ya shade, yosonyeza mtundu wake. Onetsetsani kuti mabokosi onse ali ndi manambala ofanana, osangokhulupirira maso m'sitolo ya mdima.

Kasamalidwe: chikolopa ndi sopo, basi. Safuna Cobra ngati simenti yofiira ija tinakulira.

Zovuta zake: poto kapena mpeni ukagwera, khungu limabenthuka n'kuonetsa dongo lofiira, ndipo pa tailosi yoyera chilondacho chimaonekera patali. Podutsa anthu kwambiri, monga pakhomo la kukhitchini, maluwa amapereseka n'kutsala njira yotuwa. Vuto lina ndi kubwereza. Otchipitsitsa amakhala ndi zithunzi zitatu kapena zinayi zokha, moti mukayala chipinda chonse diso limagwira msanga kuti mtsempha wa marble womwe uli apa ndi womwewo uli apo. Tsegulani mabokosi awiri muone nkhope zingati zilimo. Sanjaninso matailosi asanu pamodzi ngati makadi: ngati m'mbali sakufanana, mmisiri adzavutika ndipo mizere idzakhota.

PORCELAIN

Dongo lake ndi losalala, losakaniza ndi miyala yopera, ndipo amaotcha pamoto wa madigiri pafupifupi 1200. Imatuluka yolemera, yothina, yolira ngati mbale mukaigogoda.

Mtengo: wokwererapo kuposa a dongo wamba, ndipo zoikira zake nazo zimakwera. Bokosi la matailosi a 60 kwa 60 nthawi zambiri limakhala ndi anayi, omwe amakwana masikweya mita 1.44. Werengerani pamenepo, osati pa bokosi.

Kupezeka: m'mizinda ikuluikulu siisowa, makamaka yooneka ngati marble, matabwa kapena simenti. Yamaluwa enieni, ya 20 kwa 20, imapezeka mwa apo ndi apo.

Kasamalidwe: yosavuta kuposa onse. Yosanyezimira imabisa fumbi la mu Okutobala, pomwe yakuda yonyezimira imaonetsa phazi lililonse, ndipo madzi a pamjigo amasiyapo zoyera zikauma.

Zovuta zake: zambiri zimachokera kwa woika. Porcelain samwa madzi, choncho simenti ndi mchenga siziigwira bwino ngati mmene zimagwirira tailosi ya dongo yoviikidwa m'madzi. Imafuna adhesive woyenera, wopakidwa ndi chipande cha mano pansi ponse. Amisiri ena amangoika timilu tisanu, pakati ndi m'makona, kuti thumba lipite patali. Pansi pake pamatsala mphako, ndipo tsiku lina mwana akadumphapo kona imathyoka. Ntchito ikatha yendani ndi ndodo mukugogoda: yolira ngati ng'oma ichotsedwe mmisiri asanalandire ndalama yomaliza. Palinso kutukumuka. Matailosi akathinana mpaka kugunda khoma, popanda kampata kopumira m'mbali, nyengo yotentha amakankhana n'kudzuka pakati pa chipinda ndi phokoso ngati mfuti. Kampata kameneka kamabisika ndi sikating'i, sikawononga maonekedwe. Ndipo musaike pa simenti yaiwisi. Ipatseni milungu inayi kuti iume.

OPENTEDWA PAMANJA

Apa ndiye mtima wanga uli. Tailosi yopentedwa ndi bulashi imasunga dzanja la munthu: apa buluu wathithikana, apa wachepa, tsamba ili lapendekera kusiyana ndi linzake. Makina amayesa kutengera zimenezi, koma amabwereza cholakwika chomwecho pa tailosi iliyonse, pomwe munthu salakwitsa mofanana kawiri.

Mwambo wotchuka kwambiri ndi wa azulejo ku Portugal, dzina lochokera ku mawu a Chiarabu otanthauza kamwala kosalala. Pa siteshoni ya sitima ya São Bento mumzinda wa Porto, makoma a polowera anakutidwa ndi matailosi pafupifupi 20,000 omwe anajambula Jorge Colaço, osonyeza nkhondo ndi moyo wa kumudzi, ambiri a buluu pa zoyera. Chivomezi cha 1755 chitagwetsa Lisbon, omanganso mzinda anagwiritsa ntchito matailosi a maluwa osavuta, obwerezabwereza, chifukwa ankafuna ambiri mwachangu. Atsamunda anapita nawo mwambowu mpaka ku Mozambique. Nyumba ya Vila Algarve ku Maputo, yomwe apolisi achinsinsi a Apwitikizi, otchedwa PIDE, ankazunziramo anthu, imadziwikanso ndi ma azulejo a m'makoma ake, ndipo kukongola kwake sikufafaniza zomwe zinkachitika m'katimo.

Ku Mexico kuli Talavera ya ku Puebla, yomwe malamulo ake amalola mitundu isanu ndi umodzi yokha ya utoto, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa luso loyenera kutetezedwa mu 2019. Ku Turkey kuli ya ku Iznik, yomwe yoposa 20,000 inakuta m'kati mwa mzikiti wa Sultan Ahmed ku Istanbul. Ku Netherlands kuli ya Delft, ting'onoting'ono ta masentimita pafupifupi 13, kachithunzi kamodzi pakati, tomwe ankaika mozungulira poyatsira moto ndi m'munsi mwa makoma achinyontho. Onani bwino: malo onsewa ndi pakhoma. Kawirikawiri eni mwambowo sankawayala pansi poti anthu aziponda ndi nsapato.

Kwathu kuno Dedza Pottery imaumba ndi kupenta matailosi pamanja, a nsomba, mbalame, nyama ndi mudzi. Kwa ine chambo pakhoma la khitchini ya ku Salima chili ndi tanthauzo kuposa ngalawa ya ku Holland.

Mtengo: amagulitsidwa imodzi imodzi, osati pa bokosi. Kukuta khoma lonse ndi ndalama yambiri, koma mzere umodzi wozungulira bafa, kapena kachigawo ka matailosi 12 pamwamba pa sinki, ndi zotheka kwa munthu wa malipiro wamba.

Kupezeka: a m'dziko muno mumachita kuitanitsa n'kudikira, makamaka mukafuna chithunzi chanuchanu. A kunja ndi a m'chikwama cha wachibale wobwera pa ndege, atakulungidwa m'zovala. Abale omwe muli ku Ulaya, chenjerani ndi matailosi akale ogulitsidwa m'misika ya kaunjika ku Lisbon. Ambiri amachita kugumulidwa m'makoma a eni ake, moti mu 2007 kunayambitsidwa ntchito ya SOS Azulejo yolimbana ndi kuba kumeneku. Gulani atsopano kwa oumba, alipo ambiri.

Kasamalidwe: nsalu yofewa ndi sopo wamba. Sitiliwulu ndi mankhwala okalipa ochapira chimbudzi zimakanda khungu lake.

Zovuta zake: dongo lake ndi lofewa ndipo limamwa madzi. Pakapita zaka khungu limachita timing'alu tosaoneka bwino ngati ukonde wa kangaude. Ena amatikonda, koma kuseri kwa chitofu mafuta amalowamo n'kuda. Kukula kwake sikufanana ndendende, choncho amafuna mipata yokulirapo ndi mmisiri woleza mtima. Imodzi ikasweka pa chithunzi cha matailosi ambiri, chithunzi chonse chalumala, ndiye itanitsani zapadera nthawi yomweyo.

ZELLIGE YA KU MOROCCO

Kwawo kwenikweni ndi ku Fez. Dongo amaliumba pamanja, kuliyanika padzuwa, kulipaka mtundu umodzi, kuliotcha, kenako mmisiri amalidula ndi kahamala kakuthwa kukhala nyenyezi, timakona ndi tina tambiri. Tizidutswato amatiyala chafufumimba pansi, nkhope kuyang'ana dothi, n'kuthira zomatira kumsana kuti chikhale chigawo chimodzi. Mmisiri saona chithunzicho mpaka atachidzutsa. Sukulu zakale za Al-Attarine ndi Bou Inania ku Fez, zomangidwa m'zaka za m'ma 1300, ndi nyumba yachifumu ya Alhambra ku Granada m'dziko la Spain, ndi komwe luso limeneli linafika pachimake. Zomwe zatchuka m'makhitchini a ku London ndi Cape Town masiku ano ndi zosavutirapo: timatailosi ta 10 kwa 10 ta mtundu umodzi, tosiyana kuwala pang'onopang'ono, toyalidwa mothinana.

Mtengo: wapamwamba kuposa onse pano, musanaonjezepo wonyamulira ndi msonkho.

Kupezeka: ndi koitanitsa, kudzera ku South Africa kapena ku Ulaya.

Kasamalidwe: pakhoma sivuta, koma m'mbali mwake mosafanana mumagwira mafuta ndi fumbi.

Zovuta zake: imabwera yobenthuka m'makona, yokhala ndi timaenje, yosiyana makulidwe. Umenewo ndiye mkhalidwe wake, si kuwonongeka. Mmisiri wozolowera porcelain adzafuna kutaya theka, kapena kuiwongola ndi mipata ikuluikulu mpaka kukongola konse kuthawa. Ngati woika wodziwa palibe, kuli bwino kugula yotengera ya m'fakitale n'kuvomereza kuti ndi yotengera.

A SIMENTI

Ambiri amawasokoneza ndi a dongo chifukwa maluwa ake amafanana, koma awa salowa mu uvuni. Mmisiri amaika chikombole chachitsulo chogawa maluwa, kuthira simenti yamitundu m'chigawo chilichonse, kuchotsa chikombolecho, kuthira simenti ndi mchenga kumsana, n'kupsinja ndi makina. Kenako amangowasiya kuti akhwime. Njirayi inafala kuchokera ku France ndi m'chigawo cha Catalonia ku Spain m'zaka za m'ma 1800, ndipo nyumba zakale za ku Barcelona zikadali ndi pansi pake pooneka ngati kapeti. Mtundu wake ndi wozama mamilimita angapo, osati khungu chabe, ndiye akamakalamba amafewa maonekedwe m'malo motuwa.

Mtengo: wokwera, pakati pa porcelain yabwino ndi zellige. Ndi olemera kwambiri, choncho mayendedwe amadya ndalama.

Kupezeka: si a pa hadiweya iliyonse. Konzekerani kuitanitsa ndi kudikira.

Kasamalidwe: apa ndi pomwe ambiri amagonja. Simenti imamwa chilichonse, ndiye amafunika kupakidwa sealer, mankhwala oteteza kuti asamamwe madzi ndi mafuta, asanathiridwe grout, kupakidwanso ntchito ikatha, ndi kubwerezabwereza zaka zikamapita. Mandimu, viniga ndi mankhwala a asidi amadya pamwamba pake. Mafuta ophikira, tiyi ndi supu ya tomato zikagona usiku zimasiya chizindikiro.

Zovuta zake: ndi okhuthala, ena kufika masentimita awiri, moti mukawaganiza mochedwa zitseko sizitseguka ndipo pakhomo pamabadwa kasitepe kopunthwitsa. Grout wakuda amawathimbiriritsa mpaka kalekale. Ubwino wake umodzi waukulu ndi woti akathimbirira mutha kuwapala pang'ono n'kupakanso sealer, zomwe tailosi ya glaze siilola. M'khitchini yophikira nsima ndi ndiwo tsiku lililonse sindingawaike. M'kanjira ka m'nyumba kapena pabalaza la loji, inde.

ZIDUTSWA

Zidutswa za matailosi osweka ambiri timaziona ngati za osowa, zoika pa sitepe ndi pakhonde ndalama zikatha. Chonsecho katswiri wa zomangamanga Antoni Gaudí anakongoletsa nazo paki ya Park Güell ku Barcelona, yomwe inamangidwa pakati pa 1900 ndi 1914, ndipo benchi lalitali lokhotakhota la pamenepo, lomwe anathandizana ndi Josep Maria Jujol, linakutidwa ndi matailosi osweka ndi mbale zophwanyika. Kumeneko amati trencadís. Kusiyana kwa benchi limenelo ndi makonde athu ambiri si zipangizo ayi, ndi kusanja. Ife timakhuthula thumba n'kumata chilichonse chomwe dzanja lagwira. Yesani kupatula mitundu poyamba, zoyera pazokha, za buluu pazokha, mujambule pansi ndi choko mafunde, nyenyezi kapena mizere ngati ya pa chitenje, kenako mudzaze. Khonde lomwelo limasanduka chinthu choti alendo aziima n'kuyang'ana.

Mtengo: zidutswazo ndi zotchipa, nthawi zina zaulere kwa mnzanu amene wangomaliza kumanga. Ndalama imapita kwa mmisiri chifukwa ntchito yake ndi ya masiku, komanso ku grout amene amalowa wambiri.

Kupezeka: masitolo a matailosi amagulitsa zosweka m'matumba. Zoyera ndi zotuwa sizisowa, zofiira ndi zachikasu ndi zochita kusaka.

Kasamalidwe: mipata ndi yambiri, ndiye pamafunika bulashi, ndipo pamthunzi ponyowa pamamera ndere.

Zovuta zake: m'mbali mwakuthwa. Chidutswa chimodzi chikatumphuka chimacheka phazi la mwana. Uzani mmisiri azinola m'mbali ndi mwala, asasakanize zokhuthala ndi zopyapyala, ndipo aziyesa ndi thabwa lowongoka. Mipata yambiriyo imathandiza kuti phazi ligwire, koma zidutswa zikuluzikulu zonyezimira zimatererabe.

KAYALIDWE

Nthawi zambiri chomwe chimakongoletsa chipinda si duwa la pa tailosi koma mmene matailosi ayalidwira, ndipo apa munthu wa ndalama zochepa angapambane wa ndalama zambiri.

Kuyala mowongoka, mizere yonse kukumana, ndiko kosavuta ndipo kumataya zochepa. Onjezani 10 peresenti pa muyezo wa chipinda. Kumayenera matailosi omwe ali kale ndi maluwa ambiri. Koma kumaulula khoma lokhota, ndipo nyumba zathu zambiri makona ake si sikweya. Mudzaona mzere wa m'mbali ukuyamba ndi tailosi ya zala zinayi n'kukathera pa ya chala chimodzi. Kuyala mopingasa, kona kuloza kukhomo, kumabisa vuto limeneli ndipo chipinda chimaoneka chotakasuka, koma tailosi iliyonse ya m'mbali imadulidwa, ndiye onjezani 15 peresenti.

Kuyala ngati njerwa ndi komwe kunatchuka ndi timatailosi toyera ta mainchesi 3 kwa 6 ta m'masiteshoni a sitima za pansi pa nthaka ku New York, zomwe zinatsegulidwa mu 1904. Pa timatailosi tating'ono kumakhala bwino. Pa matailosi ataliatali ooneka ngati matabwa musalumikize pakati penipeni, chifukwa amakhala opindika pang'ono ngati uta, ndipo nsonga ya imodzi ikakumana ndi msana wa inzake pamatsala kaphiri kogwira chala. Sunthani ndi gawo limodzi mwa atatu.

Herringbone, yomwe imaoneka ngati minga ya nsomba, imasandutsa tailosi yotchipa yoyera kukhala ya ulemu, koma imadya nthawi ndipo zotayika zimatha kufika 20 peresenti. Mzere woyamba ukapotoka, yonse yapotoka. Palinso koluka ngati lichero, awiri chogona awiri choimirira, kosavutirapo koma kosangalatsa m'maso. Kusinthanitsa mitundu iwiri ngati bolodi la drafuti kumafuna matailosi a fakitale imodzi ndi muyezo umodzi, apo ayi mizere siikumana. A makona asanu ndi limodzi, onga zisa za njuchi, amakhala bwino pansi pa shawa chifukwa ang'onoang'ono amatsata kutsetsereka kwa madzi kupita ku dzenje.

Kayalidwe komwe ndimalimbikitsa kwambiri ndi ka kapeti: amaluwa pakati, mzere wopyapyala wakuda mozungulira, ndipo kunja konse matailosi wamba a mtundu umodzi. Okwera mtengo mumagula ochepa, palibe duwa lomwe limadulidwa pakati, ndipo khoma lokhota limamezedwa ndi matailosi wambawo. Mulimonse mmene mungayalire, mmisiri ayambe ndi kukoka chingwe pakati pa chipinda, ayale osamata kuti muone, inu muvomereze, kenako asakanize adhesive. Mtundu wa grout nawo sankhani nokha. Woyera pansi pa nyumba ya pa katondo amafiira dzinja limodzi lisanathe, pomwe wotuwa kapena wa khofi amapirira.

MTUNDU UTI, PATI?

Nyumba ya lendi: a dongo a PEI 4, osanyezimira, a mtundu wa mchenga, oyalidwa mowongoka. Sungani mabokosi awiri kudenga.

Pabalaza la nyumba yanu yokhalamo: porcelain yosanyezimira, ndipo ngati mtima ukufuna maluwa, kapeti ya masikweya mita atatu kapena anayi pakati.

Bafa logwiritsa ntchito okalamba ndi ana: pansi ang'onoang'ono a R11, pakhoma oyera wamba, ndi mzere umodzi wa opentedwa pamanja pa msinkhu wa maso.

Khitchini: pansi porcelain, kuseri kwa sinki zellige kapena a ku Dedza. Mbaula ikhale pa njerwa kapena pa chitsulo, osati pa tailosi penipeni, ndipo mtondo utuluke panja chifukwa palibe tailosi yopirira munsi.

Khonde lowombedwa ndi mvula ndi masitepe: porcelain yokhakhala, kapena zidutswa zing'onozing'ono zosanjidwa bwino, potsetsereka pang'ono kuti madzi asaime.

Loji ya kunyanja, ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay, komwe alendo amalowa ndi mchenga kumapazi: glaze yonyezimira iiwaleni, idzakalika chaka chisanathe. Porcelain yomwe mtundu wake ndi umodzi mpaka m'kati ndiyo ingapirire, a simenti akhale m'chipinda chodyera ngati pali munthu wowasamala.

Tchalitchi, mzikiti kapena holo: PEI 5 pansi, mipata yopumira pa mamita angapo alionse, ndipo maluwa apite kukhoma la kutsogolo komwe aliyense amayang'ana.

Inu omanga muli ku Johannesburg, ku Harare kapena ku Leeds, mukutumiza ndalama kwa achimwene kapena achemwali: musagule matailosi pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi ngati mmene munagulira njerwa ndi malata. Dikirani ndalama ikwane ya chipinda chonse pamodzi ndi zotayika zake, agule tsiku limodzi, ndipo asanakweze m'galimoto akutumizireni pa WhatsApp chithunzi cha nambala ya batch pa bokosi lililonse.